Singano amatola, koma pa bolodi saona: chithunzi cha m'diso chikuti chiyani?

MayiWaAtatu:
Abale, ndithandizeni. Mwana wanga wachisamba, wa zaka 11, watha chaka akudandaula kuti saona zolembedwa pa bolodi. Magalasi tasintha kawiri, osathandiza. Chikundiwawa n'chakuti ndinkamukalipira kuti akunama, poti singano ikagwa pansi amatola ndi iyeyo. Koma akamandiyang'ana amapendeketsa mutu ngati akuona khutu langa. Sabata yatha anamudonthezera mankhwala m'maso n'kumujambula ndi makina awiri. Adokotala akuti ndi matenda a Stargardt. Pachithunzi china pali banga lakuda pakati, mozungulira timadontho towala. Lakudalo n'chiyani? Adzachita khungu? Nanga azing'ono ake awiri?

Wam'chipindaChaMaso:
Pepani mayi. Ine ntchito yanga ndi yojambula maso. Kumbuyo kwa diso kuli kansalu kolandira kuwala, retina, ndipo pakati pake pali kamalo kotchedwa macula, ka mamilimita pafupifupi 5. Kuwerenga ndi kuzindikira nkhope kumadalira pamenepo. Matendawa amalepheretsa diso kuchotsa zotsalira za vitamini A, ndiye zimaunjikana makamaka pa macula ngati mafuta achikasu otchedwa lipofuscin. Chithunzi mukunenacho timachitcha autofluorescence, ndipo pamenepo mafutawo amawala. Ndiwo timadontho mwaonato. Pakudapo ndi pomwe maselo afa kale. Makina achiwiriwo ayenera kuti ndi OCT, amene amaonetsa retina ngati yadulidwa cham'mbali, kuti tione pomwe yapyapyala. Poyambirira diso limatha kuoneka labwinobwino akaliunika ndi tochi, n'chifukwa chake ana ambiri amayesedwa onama. Zithunzizo musataye. Chimodzi pachokha sichinena liwiro la matenda. Timayerekeza cha chaka chino ndi cha mawa.

Za azing'ono akewo: kawirikawiri vuto limakhala pa jini (kachinthu ka m'maselo kamene timatengera kwa makolo) yotchedwa ABCA4, ndipo mwana amadwala akatengera kwa makolo onse awiri, ngakhale iwo akuona bwino. Pa mimba iliyonse mwayi wake ndi 1 mwa 4. Kawayezetseni, ndipo pasakhale kulozana chala ndi bambo awo.

Mphenepakati:
Achemwali, ine anandipeza nawo ndili ndi zaka 14, pano ndili ndi 37. Mdima wa bii sindinauonepo. Ndimayenda ndekha popanda ndodo, ndimaphika, ndimagwira ntchito pa kompyuta nditakulitsa zilembo. Chimene chinandithawa ndi nkhope za anthu. Ena amati ndine wonyada poti sindiwapatsa moni msanga. Kupendeketsa mutu kuja musamuletse ayi, wapeza yekha mbali ya diso yomwe ikugwira ntchito. Ine ndinachita kuphunzitsidwa zimenezo nditakula! Komanso chithunzi chisakuopseni kwambiri: changa chinaipa zaka zina pomwe kaonedwe kanga sikanasinthe kwenikweni. Apempheni aphunzitsi amukhazike kutsogolo, amupatse zolemba zikuluzikulu.

Wam'chipindaChaMaso:
Ndinaiwala chimodzi. Musamugulire mapiritsi a vitamini A poganiza kuti ndi abwino ku maso. Pa matenda awa angawonjezere mafuta aja. Padzuwa azivala chipewa ndi magalasi akuda.

MayiWaAtatu:
Mayo ine, botolo la mavitaminiwo ndinagula kale, mwamwayi sanayambe kumwa. Usiku wathawu ndinamupepesa. Anangoti, "Amayi, ndimakuuzanitu." Ang'onowo ndipita nawo Lachinayi.