Zithunzi za chinkhoswe pa Baker Street: tingangopita kapena pakufunika chilolezo?

Kamera_Luton:
Moni nonse pagulu pano. Ndapeza ganyu yojambula mnyamata ndi mtsikana akwathu amene akuchita chinkhoswe mwezi wamawa. Akufuna zithunzi zoika pa makadi oitanira anthu, ndipo malo asankha okha: siteshoni ya Baker Street ku London, pa mapulatifomu akale a njerwa aja, a njanji imene inatsegulidwa mu 1863. Ndili ndi tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu), magetsi awiri ndi mnyamata wondinyamulira katundu. Amene munajambulapo mu Underground, sitima zapansi panthaka zija, ndingangopita Lamlungu m'mawa kukadali zii?

Mayi_Lens:
Achimwene, tripod ndi fulashi zisiyeni kunyumba. Malamulo okwerera sitima a TfL, bungwe loyendetsa Underground, amaletsa zonse ziwiri, kaya ndinu mlendo wongoona malo kaya wojambula wa ntchito. Fulashi imathobwa m'maso woyendetsa pamene sitima ikutuluka mumdima kulowa pa siteshoni. Tripod imapunthwitsa anthu, ndipo ikagwera pansi ikakumana ndi njanji zamagetsi oposa mavolti 600. Kamera ya m'manja yojambula zokumbukira zanu salimbana nayo.

Mdala_wa_Filimu:
Mayi anena zoona koma nkhani yaikulu aisiya. Vuto lanu si zida zokha, mwana wanga. Vuto ndi lakuti mukulipidwa. Chithunzi chikakhala cha malonda, chilolezo chimachokera ku Film Office, ofesi ya TfL yoona za kujambula. Amafuna kudziwa tsiku, nthawi, siteshoni, anthu angati, zida zanji, ndipo amafunsa inshuwalansi yoteteza anthu ena ngati pachitika ngozi. Pamakhalanso ndalama yolipira. Salola nthawi imene anthu ali piringupiringu kupita kapena kuchokera kuntchito. Amafilimu akuluakulu amapatsidwa malo amene sitima za anthu sizidutsanso, monga Aldwych imene inatsekedwa mu 1994, kapena mapulatifomu a njanji ya Jubilee pa Charing Cross amene anasiya kugwira ntchito mu 1999. Koma malo amenewo si a thumba la chinkhoswe.

Dolo_Shots:
Akuluakulu, mukuopsezana chabe. Mutenge lenzi ya 35mm ya f/1.8, ISO 3200 kuti fulashi isafunike, wothandiza atsale panja. Ndani adzadziwe kuti ndi ganyu?

Mayi_Lens:
Adzadziwa bwanji? Mtsikana wavala chilundu chonyezimira, mnyamata malaya a nsalu yomweyo, inu mukuwauza kuti "bwererani tiyambirenso" sitima zitatu zikudutsa osakwera. Makamera a siteshoni ali paliponse. Akakuuzani kuti musiye, kasitomala ndiye achita manyazi, ndipo dzina limene lidzamveke ku tchalitchi Lamlungu lotsatira ndi lanu, osati la a Dolo.

Dolo_Shots:
Chabwino, koma bola tidziwenso ufulu wathu. Wina asakuuzeni kuti mufufute zithunzi.

Mdala_wa_Filimu:
Apo ndikuvomerezani. Wogwira ntchito pa siteshoni angathe kukuuzani kuti musiye kujambula kapena mutuluke, chifukwa malowo ali ndi eni ake, si msewu. Koma kukulamulani kuti mufufute zithunzi, ngakhale wapolisi alibe mphamvu imeneyo popanda chilolezo cha khoti. Achinyamata simunazione za kale. Mabomba ataphulika mu sitima za ku London mu July 2005, ojambula ambiri ankaimitsidwa ndi kusechedwa pogwiritsa ntchito gawo 44 la Terrorism Act ya 2000, lamulo lolimbana ndi uchigawenga, popanda chifukwa chokukayikirani. Mu January 2010 khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya linagamula kuti gawo limenelo likuphwanya ufulu, ndipo pambuyo pake linachotsedwa. Komabe ufulu umenewo sukupatsani chilolezo chochitira malonda pa pulatifomu. Ndi nkhani ziwiri zosiyana.

WaJoni_Pics:
Inu muli pabwino. Kuno ku Joni, mu sitima ya Gautrain ngakhale chingamu saloleza kutafuna.

Kamera_Luton:
Nanga nditawasamutsira ku Paddington, kumtunda kwa sitima zazikulu kuja kuli denga lokongola?

Mayi_Lens:
Kumeneko mwini wake ndi wina. Siteshoni yaikulu ya Paddington imayendetsedwa ndi Network Rail, kampani yosamalira njanji za ku Britain, pamene kunsi kwake ndi kwa TfL. Nawonso za malonda amafuna mupemphe kaye. Mwangosintha khomo logogoda basi.

Chimene ndingachite ine ndi ichi. Mufunse kaye kasitomala chimene akufuna kwenikweni: njerwa za pa pulatifomu, kapena kuti aliyense aone kuti ndi London? Ambiri amafuna chizindikiro chofiira chozungulira chija ndi dzina la siteshoni. Chimenecho mumachipeza mutaima pa msewu, kunja, kumene fulashi ndi yanu. Arnos Grove ndi Southgate, pa Piccadilly line, ndi masiteshoni a nyumba zozungulira zimene mapulani ake analemba Charles Holden m'zaka za m'ma 1930, ndipo dzuwa likamalowa zimatuluka bwino kwambiri. Chenjezo limodzi: chizindikirocho ndi katundu wa TfL mwalamulo. Pa khadi la chinkhoswe sindikuona vuto, koma musachiike pa chikwangwani chotsatsira bizinesi yanu.

Mdala_wa_Filimu:
Ndipo akakupatsani chilolezo cholowa pansi, samalani magetsi. Amaphethira mogwirizana ndi 50Hz, ndiye shutter ikathamanga kwambiri mudzapeza mizere kapena nkhope zosintha mtundu. Khalani pa 1/100, jambulani RAW (mtundu wa fayilo wosavuta kukonza pambuyo), mutenge khadi lotuwa loyezera mtundu wa kuwala. Khungu lathu pansi pa magetsi achikasu aja limavuta kulikonza mu JPEG.

Kamera_Luton:
Ndalankhula ndi mtsikanayo pompano. Akuti za njerwa ndi za mnyamata, iye akungofuna chilundu chake chioneke bwino. Tagwirizana kuti zithunzi za makadi tikajambulira panja pa Arnos Grove madzulo. Ndalemberanso a Film Office kufunsa mtengo wa anthu atatu ndi kamera ya m'manja pa Baker Street. Ukabwera ndiuika padera pa kotesheni, mnyamatayo asankhe yekha. Mayi, muli ndi reflector (chobweza kuwala) yaikulu yoti ndibwereke Loweruka?

Mayi_Lens:
Ilipo. Mudzabweze yopinda bwino.