Mphaka wanga amandinyengerera kenako n'kundiluma, thandizeni

Moni nonse a pagulu pano. Ndili ndi mphaka wamkazi yemwe khalidwe lake landizunguza mutu. Madzulo amabwera yekha, mchira uli njo, n'kumadzikhula pamiyendo panga. Ndikayamba kumusisita amaliza kamkonono kaja kapansipansi, maso atatsinzina pang'ono. Pakangopita kanthawi, basi wandigwira dzanja ndi mano, uyo wathawa. Akagona chagada ndikangoti ndimugwire pamimba, zikhadabo zonse zili pamkono panga. Kodi akudwala kapena ndi nkhanza chabe? Inu oweta amphaka ndiuzeni.

Yankho 1:
Akulu, ameneyo amakuchenjezani kaye, kungoti inu mumamvera kamkonono osayang'ana mchira. Mphaka si galu. Akayamba kumenyetsa mchira uku ndi uku ndiye kuti zamukwana. Onaninso khungu la pamsana likamanjenjemera, makutu akamatembenukira m'mbali kapena kugonera kumbuyo. Mukaona zimenezo chotsani dzanja, musadikire mano. Za pamimbazo zisiyeni. Kugona chagada akusonyeza kuti amakukhulupirirani, sakukupemphani kuti mumugwire. Ambiri amakonda kukandidwa m'masaya ndi pansi pa chibwano, komwe kumachokera fungo lomwe amakupakani akamadzikhula pa inu.

Yankho 2:
Kamkonono kaja sikatanthauza chisangalalo nthawi zonse ayi. Mphaka amakaliza ngakhale akumva ululu, ali ndi mantha, kapena akuswa. Ngati kulumako kwayamba posachedwa, makamaka mukakhudza malo amodzimodzi, apite kwa dokotala wa ziweto.

Yankho 3:
Yesani kumuyang'ana n'kuphethira pang'onopang'ono. Ofufuza a pa yunivesite ya Sussex anapeza mu 2020 kuti amphaka amabwezera kuphethira kotere, ndipo amayandikira mosavuta ngakhale munthu wachilendo. Kumuyang'anitsitsa osaphethira amakuona ngati mukufuna ndewu.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Mchirawo amamenyetsadi, ine ndimati ndi masewera. Nanga kulira kokweza usiku wonse, uku akugubuduka pansi ndi kukweza kumbuyo, n'chiyani? Sikufanana ndi kanyawu kamene amandipatsa akafuna chakudya.

Yankho 1:
Kanyawu kameneko ndi ka inu anthu, amphaka akuluakulu salirirana choncho kawirikawiri. Zausikuzo akufuna mwamuna. Zimatenga pafupifupi sabata, ndipo akapanda kutenga bere zimabweranso pakapita masabata awiri kapena atatu. Ngati simukufuna tiana, kamutseketseni kwa dokotala wa ziweto, ndipo mukadzapita mudzamuuzenso za kulumako.