Mabayiti 16 oyamba akutuluka zinyalala ndikatsegula uthenga wa AES mu Python

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikugwiritsa ntchito PyCryptodome (laibulale ya Python yobisira mauthenga), njira yobisira ya AES ya mtundu wa CBC, kiyi ya mabayiti 32. Ndimatseka uthenga, kuusandutsa base64 (kulemba mabayiti ndi zilembo wamba), n'kuusunga mu database. Potsegula ndimaitananso `AES.new` ndi kiyi yomweyo. Uthenga ukakhala wautali, mabayiti 16 oyamba amatuluka osawerengeka, otsalawo ali bwinobwino. Ukakhala waufupi, wa zilembo 10 mwina, `unpad` imagwa ndi ValueError yonena za padding (mabayiti owonjezera odzazitsira uthenga, omwe `unpad` imachotsa). Ndalakwitsa pati?

Yankho loyamba: Kiyi yanu ilibe vuto, achimwene. Ikanakhala yolakwika, uthenga wonse ukanawonongeka. Chasowa ndi IV (initialization vector), mabayiti oyambira omwe CBC imafuna potseka ndi potsegula. Mukapanda kuipereka, PyCryptodome imapanga yatsopano ya mabayiti 16 nthawi iliyonse mwaitana `AES.new`, ndiye yotsekera ndi yotsegulira zasiyana.

AES imagwira mabayiti 16 pa nthawi imodzi, omwe timawatcha buloko. Mu CBC, buloko iliyonse ikatsegulidwa imachitidwa XOR (kusakaniza biti ndi biti) ndi buloko yotsekedwa yomwe yaitsogolera. Yoyamba ilibe mnzake kumbuyo, choncho imadalira IV. N'chifukwa chake yokhayo ndiyo ikuwonongeka. Uthenga wa zilembo 10 umakwana mu buloko imodzi pamodzi ndi mabayiti 6 a padding ya PKCS7, onse okhala ndi nambala 6. IV ikalakwika mabayiti amenewo amasintha, `unpad` n'kukana. Vuto ndi limodzi, langooneka pawiri.

Potseka, tengani `cipher.iv` muiike kutsogolo kwa uthenga wotsekedwawo, kenako base64. Potsegula, chotsani base64, mabayiti 16 oyamba akhale IV, otsalawo muwatsegule. IV si chinsinsi. Koma zomwe munasunga kale popanda IV, buloko yake yoyamba sibwereranso, ndipo mauthenga afupiafupi aja atayika onse.

Wofunsa: Zikomo kwambiri, zatheka. Nanga ndikangolemba IV imodzi mu kodi kuti ndisamavutike kuisunga? Komanso kiyi ndimaipanga powonjezera ma zero ku pasiwedi mpaka ikwane 32.

Yankho lachiwiri: Zonse ziwirizo ayi, bwana. IV ikakhala imodzi, mauthenga oyamba mofanana amatulutsa mabuloko oyamba ofanana, ndipo woona database amadziwa kuti izi n'zofanana ngakhale alibe kiyi.

Za kiyi ndiye zoopsa kwambiri. Pasiwedi ya zilembo 8 yodzazidwa ndi ma zero mphamvu yake ndi ya zilembo 8 zomwezo, ngakhale muitche AES-256. Idutsitseni mu scrypt kapena PBKDF2, njira zopangira kiyi kuchokera ku pasiwedi, ndi salt (mabayiti achisawawa osakaniza ndi pasiwedi) ya mabayiti 16 yochokera ku `get_random_bytes`. Pa PBKDF2 ya HMAC-SHA256, OWASP, bungwe loona za chitetezo cha mapulogalamu, imalangiza maulendo 600,000. Samalani, mu PyCryptodome mukapanda kutchula, PBKDF2 imazungulira ka 1,000 kokha ndi SHA-1. Salt muisunge pamodzi ndi uthengawo.

Yankho lachitatu: Ine ndingati CBC muisiye pamene ntchito idakali yaing'ono. Imabisa uthenga koma siidziwa ngati wina wausintha. Poti IV yakhala poyera, munthu akatembenuza biti imodzi mmenemo, biti yomweyo imatembenuka mu buloko yoyamba ya uthenga, popanda chenjezo lililonse. Palinso njira yobera yotchedwa padding oracle yomwe katswiri Serge Vaudenay anaionetsa mu 2002: seva ikamaulula kuti padding yalakwika, wakuba amatsegula uthenga bayiti imodziimodzi.

Sinthani mupite ku `AES.MODE_GCM`, mtundu wina wa AES womwe umazindikira uthenga ukasinthidwa. Padding sifunika. Pangani nonce (nambala yogwiritsa ntchito kamodzi kokha) ya mabayiti 12, itanani `encrypt_and_digest`, mulandira uthenga wotsekedwa ndi tag ya mabayiti 16 yotsimikizira kuti uthenga sunasinthidwe. Sungani salt, nonce, tag ndi uthenga motsatana. Potsegula gwiritsani `decrypt_and_verify`, osati `decrypt` yokha, chifukwa imeneyo siiyang'ana tag. Wina akasintha kanthu mulandira "MAC check failed", ndipo zikatero deta imeneyo musaigwiritse ntchito. Chosayenera kuchitika ndi kubwereza nonce pa kiyi imodzi: XOR ya mauthenga awiriwo imaululika, ndipo wakuba akhoza kupeka tag zake.

Wofunsa: Ndamva. Ndiyamba ndi scrypt ndi GCM, kenako nditsekenso mwatsopano zakale zomwe ndikadali ndi makope ake.