Ndikadya ndimadzida, nditani abale?

Nabanda22:
Ndithandizeni maganizo chonde. Chiyambireni koleji ndimakhala ndi nkhawa zosaneneka, usiku tulo osabwera mtima kumangogunda ndiye ndimapezeka ndadya chilichonse chili pafupi, mandasi, chipisi, nsima yotsala, kenako ndimakadzisanzitsa kubafa poopa kunenepa. Ndikatero ndimadzitukwana kuti ndine chitsiru. Kunyumba sindinanene, mayi angoti ndikuchita dala pomwe ena akugona ndi njala.

Make Awiri:
Pepa mwanawe. Amenewo ndi matenda, achipatala amati bulimia, si kupusa ayi. Kusanza pafupipafupi kumatsitsa mchere wofunika wotchedwa potaziyamu m'thupi mpaka mtima kumagunda molakwika, komanso asidi wa m'mimba amadya mano. Usazengereze, ku chipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli aphungu a zamaganizo.

Chembe_boy:
Inenso ndinadutsamo achemwali, amunafe zimatigwiranso. Phungu anandifunsa kuti mnzako wapamtima atabwera akulira ndi vuto lomweli ungamunene chitsiru? Ndinangoti kukamwa yasa, misozi mbwee. Pano zikandivuta ndimagwira pachifuwa, kupuma pang'onopang'ono, nkudziuza kuti lero zavuta koma ndikuyesetsa, poyamba zimamveka zachilendo koma kudzitukwana kuja kumangowonjezera nkhawa nkudyanso. China, musamadumphe chakudya masana ngati chilango, njala imeneyo ndi yomwe imakugwetsani usiku.

Nabanda22:
Zodumpha chakudyazo ndi ine ndendende, dzulo ndangomwa tiyi tsiku lonse. Lolemba ndipita, koma ndikayamba bwanji kufotokoza? Manyazi.

Make Awiri:
Lemba papepala zomwe watiuzazi ukangowapatsa awerenge.