Mwana wanga akuphunzira ataima pa zenera, ndimusamutse kapena apirire?

Membala wobisa dzina:

Akuluakulu a pa gulu, odi. A admin mundibisire dzina chifukwa ena a m'dera lathu ali muno. Mwana wanga wamkazi anakhoza mayeso a Sitandade 8 ndipo anasankhidwa kupita Fomu 1 ku sekondale ya boma yoyendera, ma CDSS aja, kuno ku Blantyre. Tinasangalala, nkhuku inafa. Koma patatha milungu itatu ndinatenga makope ake kuti ndione, ndinapeza kope la masamu lili ndi masamba awiri okha, ndipo palibe pamene cholembera chofiira cha aphunzitsi chinadutsa. Nditamukalipira anangolira, akuti amayi simukudziwa mmene kulili.

Ndinapita ndekha kukaona. Chimene ndinaona sindinagone nacho. Desiki ya ana awiri akhalapo anayi, wachinayiyo wakhala ndi theka la thupi, kope ali nalo pa bondo. Kutsogolo ena akhala pansi mpaka pafupi ndi bolodi, moti aphunzitsi alibe poyenda, amangotembenuka pamalo amodzi. Wangayo ndinamupeza panja, watsamira pa zenera ndi anzake asanu, akukopera zimene mnzawo wa m'kati walemba. Tsiku limenelo anachedwa chifukwa anayamba wakatunga madzi. Ndinayesa kuwerenga mitu, nditapitirira 100 ndinasiya.

Bambo ake akuti abwereze Sitandade 8 kuti mwina chaka chamawa asankhidwe ku sukulu yogonera. Achemwali anga akuti ndimupititse ku pulayiveti ina yotchipa ya pafupi ndi msika. Ine ndimagulitsa zovala za kaunjika, ndalama yake mukuidziwa. Amene munadutsamo ndithandizeni, ndipange chiyani?

Mayi wa anyamata atatu:

Amayi, za kubwerezazo musayerekeze. Ndinachita zimenezo ndi woyamba wanga. Anabwereza, anakhozanso, anasankhidwanso ku CDSS yomwe yomweyo, chaka chatha chabe ndipo mtima wa sukulu unamuchoka chifukwa anzake anali patsogolo. Malo a ku sukulu zogonera ndi ochepa kwambiri, amalimbirana ana a boma lonse, ena a dziko lonse. Ndipo kumbukirani kuti alipo ambiri amene akhoza koma dzina silinatuluke kulikonse. Wanuyo ali ndi malo, ngakhale ndi pa zenera.

Mphunzitsi wa Chingerezi:

Ndilankhule monga munthu amene ndimaima kutsogolo kwa kalasi yotereyi tsiku ndi tsiku. Za cholembera chofiira zija zandikhudza, chifukwa makolo ambiri amaganiza kuti ndi ulesi. Piriyodi imodzi ndi mphindi 40. Ndikapereka chimangirizo kwa ana 110, kope lililonse kuti ndiliwerenge bwino ndi kukonza zolakwa limandidyera mphindi zisanu. Werengetsani nokha, ndi maola oposa 9, kalasi imodzi yokha, ndipo ine ndili ndi makalasi anayi. Ndiye chimene timachita ndi chimene munaonacho: timalemba manotsi pa bolodi, ana akukopera, timasinthanitsa makope kuti azichongerana okha. Mwana wofatsa amatha teremu yonse ine osadziwa dzina lake. Amene ndimawadziwa ndi anzeru kwambiri ndi osokosa kwambiri, apakati aja amasowa ngati madzi mu mchenga.

Ndiye langizo langa ndi ili. Musapite kwa ahedi kukakalipa, alibe zipinda m'thumba. Pitani kwa mphunzitsi amene amayang'anira kalasi yake, mukadzidziwitse, mukanene dzina la mwana, mubwerenso patatha mwezi. Mwana amene kholo lake laonekera timamukumbukira, si zachilungamo koma ndi mmene zilili. Chachiwiri, madzi a m'mawa aja muchotsereni. Kalasi yodzaza, mpando ndi wa amene wafika msanga. Atunge madzulo.

Membala wobisa dzina:

Aphunzitsi zikomo, za madzizo zandibaya koma ndi zoona. Nanga pulayiveti ija mukuiona bwanji?

Mphunzitsi wa Chingerezi:

Mukaifunse mafunso atatu musanapereke ndalama. Kodi inalembetsedwa ku unduna wa zamaphunziro? Ana ake amalembera pomwepo mayeso a MANEB kapena amakawalembetsa kwina? Aphunzitsi ake anaphunzira uphunzitsi kapena ndi anyamata amene angomaliza Fomu 4? Zilipo zabwino, koma zabwinozo fizi yake si ya kaunjika, pepani kunena mosabisa. Zotchipa zambiri kalasi ili ndi ana 30 inde, koma mphunzitsi wa masamu amasintha katatu pa chaka chifukwa sakulipidwa.

Bambo wa ku Lilongwe:

Vutoli si la sukulu yanu yokha mayi. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha pa 3 miliyoni nthawi imodzi. Chinali chinthu chabwino, ine ndemwe ndinalowa sukulu nthawi imeneyo. Koma ana aja amakula, amafika Sitandade 8, ndipo masekondale sanamangidwe pa liwiro lomwelo. Ma CDSS ambiriwa anali ma MCDE, malo ophunzirira a ana osasankhidwa, kenako cha mu 1998 anangowasintha dzina kukhala masekondale, ambiri opanda labu, opanda laibulale. Lero tikufuna mwana akalembe mayeso a Chemistry a manja asanagwirepo botolo la mu labu. Ndiye mu tauni muno anthu akuchulukirachulukira, Area 25 ya lero si ya kale, Bangwe ndi Ndirande chimodzimodzi. Ena anayamba mashifiti, gulu lina m'mawa lina masana, komanso madzulo kukubwera a openi, ana osasankhidwa amene amaphunzira anzawo akaweruka. Nyumba yomweyo, madesiki omwewo, aphunzitsi omwewo atatopa.

Wina wa ku Zomba:

Mbiri tamva bwana, koma mayiwa afunsa chochita mawa m'mawa.

Bambo wa ku Lilongwe:

Chochita ndi PTA, komiti ya makolo ndi aphunzitsi. Makolo ambiri timapita ku msonkhano tsiku lotenga malipoti lokha. Kwathu tinagwirizana, akalipentala awiri amene ali ndi ana pa sukulupo anakonza madesiki othyoka amene anangounjikidwa kuseri kwa ofesi, ife tinasonkha za misomali. Sizinachepetse ana koma amene ankakhala pansi anakwera.

Mtsikana amene anadutsa pa CDSS:

Aunt, ine ndinaphunzira pa sukulu ngati imeneyo ndipo pano ndili ku koleji ya unamwino. Sindikunena kuti zinali bwino, anzanga ambiri anagwera m'njira, ena mimba, ena anangotopa. Chimene chinandipulumutsa ndi kagulu ka anthu asanu. Tikaweruka tinkakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, aliyense ali ndi phunziro lake loti afotokozere anzake. Buku la Biology linali limodzi, linkagona kwa wina Lolemba, kwa wina Lachiwiri. Tinkasakanso mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo n'kumayankha. Mugulireni mabuku awiri okha, la masamu ndi la Chingerezi, ngakhale akale a pa msika. Chingerezi asachisewere nacho, chifukwa akalephera chimenecho satifiketi ya MSCE sapatsidwa ngakhale enawo atakhoza bwanji.

China chimene amayi anga sankadziwa ndi zimbudzi. Ana ochuluka chonchi, zimbudzi za atsikana zimakhala zochepa ndi zauve, ndiye masiku a kumwezi ambiri tinkangokhala kunyumba, masiku atatu kapena anayi mwezi uliwonse. Mufunseni mwana wanu pambali, bambo ake palibe. Mwina sangayambe yekha kunena.

Mayi wa anyamata atatu:

Ichi ndiye chenicheni mwana wanga, ife a anyamata sitikanachiganiza.

Agogo opuma pa ntchito:

Ndiwonjezere chimodzi. Wina akuuzani kuti mumupezere malo ku CDSS ya kumudzi kumene ana ndi ochepa, azikakhala pa lendi yekha, zija amati selofu. Kwa mtsikana wa Fomu 1 ine ndikukana. Kuli bwino adzipanikiza pa desiki masana koma usiku akugona m'nyumba mwanu.

Bambo wina:

Inu nonse mukuphunzitsa mayiwa kuzolowera mavuto. Kuli thumba la ndalama za chitukuko cha m'dera, CDF ija, bwanji osapita kukawafunsa aphungu athu kuti chipinda chimodzi chokha chikuvuta chiyani? Nthawi ya kampeni amabwera okha pa geti.

Mphunzitsi wa Chingerezi:

Pitani ndithu, ndipo mupite ngati komiti, ndi kalata, osati mmodzimmodzi. Koma mudziwe kuti chipinda chikamangidwa pafunika mphunzitsi woimamo. Tikagawa kalasi pawiri popanda kuonjezera aphunzitsi, theka lina limangokhala likusokosa kudikira ine nditsirize uku. Popempha njerwa mupemphenso anthu.

Membala wobisa dzina:

Ndabweranso akuluakulu. Dzulo ndinakhala naye pansi mwana uja, za zimbudzi zija ndi zoona, mwezi watha anajomba masiku atatu ine ndikuganiza kuti ndi mutu. Zobwereza tazisiya, bambo ake ndinawawerengera zimene mwalemba ndipo sanayankhe, kwa iwo ndiye kuvomera kumeneko. Pulayiveti ija ndinapita kukafunsa za MANEB, anandiuza kuti ndibwere Lachisanu ahedi kulibe. Madzi tsopano akutunga mlongo wake, akudandaula koma akutunga. Lero ananyamuka 5:30 ndipo akuti anapeza malo pa mzere wachiwiri, anakhala atatu.

Funso latsala limodzi. Buku la masamu la Fomu 1, lakale koma losang'ambika masamba, ku Limbe ndingalipeze pa ndalama zingati? Ndisapite kukaberedwa.