Ulendo wa ku Croatia: tipite mwezi uti, ndipo tikafikire mzinda uti?

Mphunzitsi wopuma, kwa Mponda

Moni nonse. Ine ndi mayi a kunyumba tikwanitsa zaka 30 tili m'banja chaka chamawa, ndipo mwana wathu wamkazi, amene ndi namwino ku Ireland, wanena kuti atilipirira ndege kuti tikakumane naye ku Croatia ndi kukhala limodzi masiku khumi. Mwezi ndi malo watisiyira ife kuti tisankhe, koma chimene ndikudziwa cha dzikoli ndi zithunzi za mzinda wa Dubrovnik zimene amatitumizira pa WhatsApp, za nyumba za madenga ofiira zozunguliridwa ndi linga m'mphepete mwa nyanja. Kodi tipite mwezi uti, ndipo kodi masiku onsewo tikathere ku Dubrovnik komweko? Ndife Asilamu, choncho za chakudya zikutidetsanso nkhawa. Mayi afunsanso funso limene ndasowa poliyankhira, lakuti munthu amene wakulira pa mchenga wa ku Nkopola, amene chambo amadya chongovuulidwa kumene, akapezako chiyani ku nyanja ya eni ake chimene kuno kulibe?

Mayi wa ku Monkey Bay

Aphunzitsi, awuzeni mayi kuti funso lawo ndi lanzeru, ndipo ngati cholinga ndi mchenga, ndalama za mwanayo zisawonongeke, chifukwa mchenga wabwino mwausiya kuno. Ndinapitako zaka ziwiri zapitazo ndi abwana anga a pa malo ogona alendo amene ndimagwirapo ntchito. Magombe ambiri a nyanja ya Adriatic ndi a nsangalabwi ndi matanthwe, moti tsiku loyamba ndinalowa m'madzi wopanda nsapato monga timachitira kwathu kuno, ndipo ndinatuluka ndikutsimphina. M'miyalamo mumabisala tizilombo takuda ta minga ngati nungu, n'chifukwa chake m'timasitolo ta m'mbali mwa gombe amagulitsa nsapato zamphira zosambira nazo. Madziwo ndi oyera ndithu, koma ndi amchere, ndipo kwa ife ozolowera nyanja yathu ndi ozizirirapo.

Chimene kuno kulibe ndi mizinda ya miyala imene anthu akhalamo zaka mazanamazana osaigwetsa. Pa chifukwa chimenechi ndikulangizani kuti mukafikire ku Split, osati ku Dubrovnik. Pakati pa Split pali nyumba yachifumu imene Diocletian, mfumu ya Aroma, anadzimangira ndi kukakhalamo atatula pansi udindo m'chaka cha 305, kotero nayenso anali wopuma pa ntchito ngati inu. Chodabwitsa n'chakuti nyumbayo si malo ongoonetsa alendo ayi, koma anthu amakhalamo mpaka lero, ndipo ndinaona ndi maso angawa mayi wina akuyanika zovala pa chingwe chimene anamanga pa khoma la nthawi ya Aroma. Doko lili pafupi kwambiri moti mumangoyenda pansi, ndipo sitima za kampani ya Jadrolinija zimapita ku Supetar pa chilumba cha Brač m'mphindi 50 zokha. Kwa munthu amene anakwerapo Ilala, umenewo si ulendo n'komwe.

Za mwezi, sankhani Seputembala. Mu Julayi ndi Ogasiti sukulu za ku Ulaya zimakhala zotseka, anthu amachita kupondana m'tinjira topapatiza, ndipo mitengo ya malo ogona imakwera kwambiri. Mu Seputembala madzi amakhala akadali ofunda ndipo dzuwa lake silifika pa la kuno la mu Okutobala. Mukachedwa kupitirira apo, sitima zopita ku zilumba zimayamba kuchepa, ndiponso kumeneko kuli mphepo yawo yotchedwa bura, imene imatsika m'mapiri makamaka nyengo yozizira ndi kuimitsa maulendo a pamadzi monga umachitira mwera kuno.

Bambo wa pa Boma

Aphunzitsi, amayi a ku Monkey Bay anena zoona, koma musanasankhe mzinda yambani mwakonza za viza, chifukwa ndi pamene ambiri timagwera. Kuyambira pa 1 Januwale 2023 dziko la Croatia lili m'chigawo cha Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya amene munthu amayendamo ndi viza imodzi, ndipo tsiku lomwelo linasiya ndalama yake ya kuna ndi kuyamba kugwiritsa ntchito euro. Mufunika viza ya Schengen, imene munthu wamkulu amalipira 90 euro, pamodzi ndi inshulansi ya chipatala yosachepera 30,000 euro, umboni wa malo ogona, matikiti opita ndi obwerera, ndi mapepala a ku banki. Popeza wolipira ndi mwana, alembe kalata yonena zimenezi ndi kuikapo mapepala a malipiro ake. Lamulo limalola kupempha viza patatsala miyezi isanu ndi umodzi, choncho ngati ndi Seputembala, mu Epulo mukhale mutayambapo. Croatia alibe kazembe kuno ku Malawi, koma ali ndi ofesi ku Pretoria, ndipo ndi bwino kuilembera msanga kuti ikuuzeni kokapereka mapepala ndi zidindo za zala.

Chinanso chimene mwanayo asachiiwale n'chakuti Ireland sali mu Schengen. Ngati akuyendabe pa pasipoti ya Malawi, chilolezo chake chokhalira ku Ireland sichimulowetsa ku Croatia, ndiye kuti nayenso afunika viza yakeyake.

Za ndalama zakunja mukudziwa kale mmene zinthu zilili kuno. Ine ndinapita ku banki ina nditanyamula tikiti ndi viza, koma ndinayendera milungu itatu ndipo ndinapatsidwa theka la zimene ndinapempha. Mwanayo alipiriretu malo ogona, mabasi ndi sitima ali komweko, kuti inu mudzangofuna ya m'thumba.

Mnyamata wa ku Namwera, pano ndili ku Graz, ku Austria

Bambo, ndikupempha kusiyana pang'ono ndi amayi a ku Monkey Bay. Kufikira ku Split n'kwabwino, koma musabwerere osaona Dubrovnik pamene zithunzi zake ndi zimene zinayambitsa ulendowu. Mukakhaleko masiku awiri omaliza. Sitima ya pamtunda sifikako, choncho mudzakwera basi, ulendo wa maola anayi kapena asanu. Kale msewuwo unkadutsa ku Neum, kachigawo ka Bosnia and Herzegovina kamene kamadula gombe la Croatia pawiri, koma kuyambira Julayi 2022 pali mlatho wa Pelješac wolambalala malirewo. Pogula tikiti funsani ngati basiyo ikudzera pa mlatho, chifukwa ngati viza yanu ili yolowera kamodzi, mukangotuluka mu Schengen simuloledwa kubwereramo. Chimodzimodzi maulendo a tsiku limodzi opita ku Mostar kapena ku Kotor, mizinda ya kunja kwa Schengen, amene adzakutsatsani pa msewu, musawavomere musanaone chimene chalembedwa pa viza.

Linga la Dubrovnik ndi lotalika pafupifupi makilomita awiri ndipo lili ndi makwerero ambiri popanda mthunzi, choncho ngati mawondo a mayi amavuta, kwerani m'mamawa akangotsegula, alendo a m'sitima zikuluzikulu asanatsike.

Za chakudya musade nkhawa kwambiri, koma khalani tcheru ndi mawu akuti svinjetina, ndiyo nyama ya nkhumba, ndi pršut, nyama ya nkhumba youmitsa imene amakonda kuika pa mbale yoyamba. Ćevapi, tinyama togaya towotcha, ena amasakaniza ndi nkhumba, ndiye muzifunsa. Nsomba zowotcha ndi burek ya tchizi, chakudya cha ufa wa tirigu chokhala ndi tchizi m'kati, zili paliponse, ngakhale kuti nsomba yatunthu amaigulitsa pa kilogalamu, ndipo ndi bwino kumva mtengo isanapite pa moto. Ngati ndege yanu idzatera ku Zagreb, likulu la dzikoli, kumeneko kuli mzikiti waukulu umene unatsegulidwa mu 1987.

Mphunzitsi wopuma, kwa Mponda

Zikomo kwambiri nonse, mwatitsegula maso. Tagwirizana za Seputembala, masiku asanu ndi awiri ku Split ndi otsalawo ku Dubrovnik. Ndamuimbira mwana usiku wathawu, ndipo za viza yake wavomera kuti sanaziganizire. Mayi ati mawondo awo ali bwino kuposa anga, koma afunsa ngati pa bwalo la ndege angawalole kulowa ndi ufa wa mgaiwa pang'ono ndi usipa wouma, poti masiku khumi opanda nsima sakuwaona bwino.