Achibale akufuna clemastine, ndiwayankhe bwanji?

Clinical officer, Ndirande: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi mayi wa zaka 58, wa shuga, amwa mankhwala a shuga a metformin kwa zaka 9. Miyendo ikuchita dzanzi, akuyenda dzandidzandi makamaka kukada, ndipo ayamba kuiwalaiwala. Dzulo patapata inawavuka pakhomo la chipinda changa, iwo osamva n'komwe, anangopitirira. Zinandikhudza. Makina ojambula ubongo a MRI aonetsa timadontho toyera mu white matter, mbali ya ubongo momwe mumadutsa minyewa. Mwana wawo wa ku Johannesburg wawerenga pa intaneti kuti mankhwala a clemastine amakonzanso myelin, chikuto cha minyewa, ndiye akuimba m'mawa ndi madzulo kuti ndiwalembere.

Wa ku famase, Limbe: Achimwene, mwanayo sakunama, koma wangomva mbali imodzi. Clemastine ndi mankhwala akale a ziwengo, m'bale wake wa piritoni. Ofufuza a ku San Francisco anapeza kuti amafulumizitsa maselo aang'ono a mu ubongo kuti akhwime n'kukhala ma oligodendrocyte, omwe amakuta minyewa ngati pulasitiki ya pa waya wa magetsi. Kafukufuku wa ReBUILD wa 2017 anali wa anthu 50 okha, onse a multiple sclerosis, matenda owononga myelin. Uthenga wochoka m'diso kupita ku ubongo unafulumira ndi 1.7 milliseconds. Makina ndiwo anaona zimenezo, ndipo mlingo wa mankhwalawo unali waukulu, wofooketsa thupi. Mayi woti akudzandira kale mum'patse clemastine, mankhwala obweretsa tulo? Adzagwa kubafa n'kuthyoka chiuno. Kuiwalako nakonso kungawonjezeke.

Dokotala wa akulu, Chichiri: Tisanakambe zomanga, tifunse chomwe chikugumula. Kuno kwathu multiple sclerosis n'njosowa. Yezani HIV, chifukwa PML, matenda a ubongo ogwira anthu ofooka chitetezo cha m'thupi, imabwera pamene kachilombo ka JC kakupha ma oligodendrocyte, ndipo thandizo lake ndi ma ARV. Timadontho ta pa MRI tikhoza kungokhala ta BP ndi shuga zomwe zawononga timitsempha ta magazi. Koma ine mawu oti "makamaka kukada" ndi amene andiimitsa mutu. Aimikeni mapazi pamodzi, atsinzine, inu muli pafupi. Ikani tuning fork, kachitsulo konjenjemera, pa kakolo muone ngati akumva. Kenako onani MCV (kukula kwa maselo ofiira a magazi) ndi vitamini B12. Metformin wa zaka zambiri amalepheretsa matumbo kuyamwa B12, ndipo B12 akasowa myelin wa mu msana amanyenyeka.

Namwino, Chilomoni: Pepani adokotala, ine ndinamva kuti metformin yemweyo amathandiza myelin. Nanga zikukhala bwanji?

Dokotala wa akulu, Chichiri: Munamva zoona asisi. Ndi za ku Cambridge mu 2019, koma anali makoswe okalamba. Wodwala wathuyu ndi mayi amene sakumva mapazi ake.

Clinical officer, Ndirande: Ndabweranso. Atangotsinzina anapendekeka, ndinachita kuwawakha. HIV alibe, MCV yakwera mpaka 108, B12 watsika kwambiri. Tayamba jakisoni wa B12 (hydroxocobalamin) lero. Mwana uja ndamufotokozera pa foni, anakhala chete kanthawi, kenako n'kufunsa ngati amayi ake adzayendenso bwinobwino. Ndamuuza kuti chiyembekezo chilipo koma zimatenga miyezi, ndipo dzanzi lina likhoza kutsalira poti lakhalitsa.

Wa mafizo, Soche: Musadikire miyeziyo, atumizeni ku chipatala cha mafizo cha Kachere ayambiretu kuphunzira kuponda. Auzeninso a kunyumba kuti patapata aisiye, avale nsapato zomanga, ndipo njira ya kuchimbudzi usiku izikhala yowala.